Chifu Anachichepetsa, Koma Mayi Akuti Ndikudya Kwina

Aphungu,

Ndine bambo wa ana atatu, ndipo ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Ngati munaonapo kagalimoto koyera ka ophunzira kakuyenda mopendekera mbali imodzi ngati kaphwa tayala, dziwani kuti tayala linalibe mlandu, wopendeketsayo ndinali ine. Anzanga kuntchito ankanditcha Lole. Dzinalo linamera mizu moti ngakhale abwana ankangofunsa kuti, "Lole wafika?" ine n'kuvomera bwinobwino.

Ndinali wonenepa, Aphungu, osati kunenepa kuja anthu amakuyamikira nako kuti zinthu zikuyenda. Lamba wa galimoto ankafika mochita kunyengerera. Ndikafuna kuponda buleki ya mbali yanga, mimba inkayamba yakambirana ndi dashibodi. Shuga anakwera, magazi ankathamanga, mawondo ankalira ngati chitseko chosowa mafuta, ndipo mkonono wanga unasamutsa ana m'chipinda choyandikana ndi chathu. Tsiku lina ndinagona tulo pamaloboti, wophunzira ali pachiwongolero, n'kudzidzimuka ndi mahutala a anthu. Adokotala atandiyeza sanazungulire. Anati ndikapitiriza chonchi, paukwati wa mwana wanga wamkazi ndidzakhalapo ngati chithunzi chapakhoma.

Ndinayesa zonse: kuyenda m'mawa, tiyi wowawa wa m'mabotolo, kusala mpunga. Ndinkatsika pang'ono n'kukweranso kuposa poyamba. Mapeto ake, atandipima mobwerezabwereza, anandichita opaleshoni yochepetsa chifu. Kwa amene sadziwa, amachotsa gawo lalikulu la thumba lija lolandira chakudya m'mimbamu, n'kusiya kachigawo kakang'ono ngati nthochi. Miyezi ingapo yapitapo tsopano. Shuga watsika, mkonono unatha, nsapato ndikumanga ndekha osapumira panjira. Kuntchito anandichotsa pa Lole, pano akuti Pikapu.

Mukhoza kunena kuti nanga munthuyu akudandaula chiyani. Kuti mumvetse, muyenera kuwadziwa kaye mayi akunyumba.

Ndinawapeza akuphika pa kalesitilanti kena kuseri kwa ofesi yathu yakale. Tsiku loyamba ndinaitanitsa mbale yachiwiri kuti ndipeze mpata wowaonanso. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inuyo nde munthu, enawa amangoseweretsa chakudya." Kwa iwo mawu amenewo anali ndakatulo yachikondi, ndipo sanalakatulenso ina mpaka lero. Mayi aja kunena kuti ndimakukondani sadziwa. Akakondwa amawotcha nkhuku. Akandilakwira, pepani wawo amabwera ali m'mbale, wothira anyezi. Akakwiya, mchere umasowa mumsuzi, ine n'kudziwa kuti pali mlandu. Mbali yanga inali yosavuta: kumaliza mbale, kuipukuta ndi buledi, n'kufunsa ngati mupoto mwatsala kanthu. Takhala choncho zaka zoposa makumi awiri popanda kuitana munthu wodzatiyanjanitsa.

Nditatuluka m'chipatala anandisamalira ngati khanda. Anakabwereka makina opera zakudya kwa alamu anga, achemwali awo aakulu. Ankasefa msuzi, kundimwetsa ndi kasupuni, kundikalipira ndikameza msanga. Masiku amenewo tinali pachikondi chenicheni. Zinthu zinasokonekera tsiku limene adokotala anati ndikhoza kuyamba zakudya zolimba pang'onopang'ono. Mawu oti pang'onopang'onowo tonse awiri tinawasiya pakhomo la chipatala.

Lamlungu lake mayi anakonza phwando. Nyama yowotcha, mpunga, mbatata zokazinga, zonse pa mbale yanga yaikulu ya maluwa m'mphepete. Fungo lake linandikumbutsa kuti ndine ndani. Ndinatema nyama, kutafuna kawiri, kumeza. Yachiwiri. Yachitatu inaima pachifuwa ngati ndameza mwala. Malovu anadzaza m'kamwa, maso anatuluka, ndinathamangira kubafa. Pobwera ndinapeza mayi akuyang'ana mbale ija.

"Yapserera?" anafunsa.

"Ayi, amayi, ndi yokoma kwambiri."

"Mchere wachuluka?"

"Ayi."

"Nanga?"

Anatenga mbale ija n'kuivindikira, ngati mmene amafunditsira munthu amene watisiya.

Kuyambira pamenepo, chakudya chamadzulo chinasanduka mayeso amene ndimalephera tsiku lililonse. Ndimadya masupuni ochepa, chifu n'kuti basi tatseka. Koma Aphungu, adokotala anachepetsa chifu chokha, maso anawasiya mmene analili. Mphuno nayonso sanaikhudze. Ndimakhala nditakhuta mpaka pakhosi koma maso akutsatira ntchafu ya nkhuku kuchokera m'mbale mpaka m'kamwa mwa mwana wanga. Wamng'onoyo anafika pondiuza kuti, "Adadi, musandiyang'ane choncho, ndikutsamwa."

Kuntchito ndiye kunali koipa. Ntchito yathuyi ndi yokhala pansi. Wophunzira akatsika, umadikira wina. Kale pa mpata umenewo ndinkaima pa shopu ina pafupi ndi bwalo limene timaphunzitsirapo livesi, kuyendetsa chobwerera m'mbuyo. Galimoto inazolowera moti imachita kukhota yokha. Tsiku lina ndinangoti ndigule tiyi. Mwini shopu anati, "A Lole, mwatitaya! Tiyi wopanda chomwera?" Ndinagula kapaketi ka mabisiketi kuti ndisamukhumudwitse. Ndinaviika imodzi. Inatsika bwinobwino. Yachiwiri chimodzimodzi. Apa m'pamene ndinatulukira chinsinsi chimene chandigwetsa m'mavuto. Nyama ya mayi ikafika pachifuwa imaimitsidwa ngati yafika parodibuloko, koma bisiketi yoviika imadutsa ngati ambulansi. Tchipisi ta m'mapaketi timadutsa. Ayisikilimu ndiye sapereka ndi moni yemwe.

Ndinayamba kutolatola tsiku lonse ngati nkhuku. Sindikhuta, komanso njala yeniyeni sindiimva. Wophunzira akandizimitsira galimoto pamtunda, bisiketi. Akaphonya giya mpaka injini kulira, bisiketi ziwiri. Mapepala ake ndinkawakankhira m'kabokosi ka m'dashibodi. Pofika kunyumba madzulo, ngakhale masupuni ochepa aja ankandikanika. Sikelo nayo inaima, ikungondiyang'ana.

Pakati pa zonsezi kunabwera mayi anga ondibereka kudzationa. Anali asanandione chichitireni opaleshoni. Nditawatsegulira chitseko anayang'ana kumbuyo kwanga ngati akufuna mwini nyumba. Atandizindikira anakhala pansi osavula ndi nsapato zomwe. Madzulo ataona kambale kanga, anatembenukira kwa mayi akunyumba n'kunena kuti, "Apongozi, mwana wangayu ndinakupatsani ali wathunthu. Theka linalo mwaliika kuti?" Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Ndinaseka ndekha. Anapitiriza kuti mwamuna akamaonda m'nyumba anthu amaloza mkazi, ndipo anthu ayamba kale kuloza. Ine m'malo mowayankha ndinangoti, "Amayi, zisiyeni." Usiku wake mapoto anatsukidwa mwaphokoso kwambiri.

Tsono nkhani yeniyeni ndi iyi. Ndili ndi wophunzira wina, mayi wachikulire ndithu, wamasiye, anapuma ntchito kubanki. Timawatcha Mayi Handibuleki, chifukwa amatha kuyenda mtunda wautali osaitsitsa mpaka galimoto kununkha. Analephera mayeso kangapo, koma mwezi watha anakhoza. Pothokoza anabwera ndi keke ya chokoleti yophika okha, m'kontena ya chivindikiro chobiriwira, n'kupempha kuti tizungulire mtauni komaliza kuti achotse mantha.

Ndinawauza kuti sindidya zotsekemera. Anati, "Aphunzitsi, kakang'ono kokha, mukandikanira ndiye kuti simunakondwe kuti ndakhoza." Ndinadya kagawo kamodzi. Kachiwiri kanapita kukaperekeza koyamba. Ndinatsitsira ndi chakumwa chozizira cha shuga, n'kunena kuti tiyeni tinyamuke.

Sitinapite patali. Tikulowa pa raundabauti yaikulu ija ya magalimoto ambiri, thukuta linangoti chwaa thupi lonse. Mtima unayamba kugunda ngati ukufuna kutsika usanafike pa siteji. M'mimba munapotokola, msewu unayamba kuyenda wokha. Mayi aja anafunsa kuti, "Titulukire pati, aphunzitsi?" Ine ndinangotsamira chitseko, ndikupukuta thukuta. Iwo pokhala munthu womvera malamulo, anapitiriza kuzungulira kudikira yankho. Tinazungulira, Aphungu. Wogulitsa nyuzipepala pakona paja anafika potipatsa moni ngati anansi. Mayi Handibuleki atacheuka n'kuona nkhope yanga, anakuwa kuti, "Mayo, aphunzitsi akufa!" Ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anakumbukira handibuleki popanda kuuzidwa. Anaikoka pakatikati pa raundabauti. Basi ina inatiphonya pang'onong'ono.

Nditayamba kupezako bwino ndinakana kupita kuchipatala, ndinati ndingokagona. Mayi aja, mwa chifundo chawo, anandiyendetsa mpaka kunyumba. Tsono taganizani zimene mayi akunyumba anaona ali pakhonde akuyanika zovala: mwamuna wawo akutsitsidwa m'galimoto masanasana ndi mzimayi wovala bwino, wonunkhira perefyumu, malaya anga ali omasula mabatani, kolala ili ndi chokoleti, mzimayiyo akundikupiza ndi nyuzipepala, kontena ili kukhwapa. Ndipo pa mawu onse a padziko lapansi, Mayi Handibuleki anasankha awa:

"Pepani mayi, ndi keke yanga yawachita chonchi. Amaikonda, anadya kawiri."

Mayi akunyumba anangoti, "Keke yanu." Anawathokoza mwaulemu wonse, kulandira kontena ija, kuwaperekeza mpaka pageti, kundigoneka, kundipatsa madzi. Kenako anapita kugalimoto kukatenga chikwama changa. Sindikudziwa chimene chinawatuma kutsegula kabokosi ka m'dashibodi.

Madzulo anandiitana kutebulo. Mbale yanga ya maluwa ija inali pamalo pake, yovindikira bwinobwino. Mtima unakhala pansi, ndinati akhululuka. Nditavundukula ndinapeza mapepala okhaokha a mabisiketi, a tchipisi, ndi timitengo ta ayisikilimu, zosanjidwa mwaluso ngati za kuhotela.

"Idyani, abambo," anatero. "Si zimene mumakonda?"

Ana atachoka anandiuza mawu amene mpaka pano akundibaya. Anati, "Ine ndimaima pamoto kuganiza kuti lero ndiphike chiyani choti chitsike. Mayi anu akunditukwana kuti ndikukuphani ndi njala, inu muli duu. Anthu akundiloza. Kani mukudya kwina? Kadyeni komweko."

Kuyambira tsiku limenelo amaphikira ana okha. Uthenga umadutsa mwa ana ngati tili m'mayiko awiri. Akuti akufuna kubwerera ku ntchito ya lesitilanti, kumene anthu amamaliza mbale. Alamu anga awauza kuti apite akapumuleko kwawo, ndipo sutikesi imene inkakhala pamwamba pa wadiropu yatsitsidwa. Ilibe kanthu, koma yatsitsidwa. Abwana nawo anamva za raundabauti ija. Akuti ndibweretse chilolezo cha adokotala, apo ayi makiyi ndiwasiye.

Aphungu, ndikulumbira, ine ndi Mayi Handibuleki palibe chilichonse. Koma ndithandizeni. Njala imeneyi yosakhala m'mimbayi ndiithetse bwanji? Mayi akunyumba ndiwauze chiyani kuti amve? Ndipo pali china chimene sindinauzepo munthu. Nthawi zina ndikakhala patebulo, anthu akudya mosangalala, ndimamva ngati ndaferedwa. Chakudya chinali mnzanga wapamtima. Kodi ndinalakwitsa kuchita opaleshoniyi?

L.W., mtauni muno

A L.W.,

Ndikuvomera, pa raundabauti paja ndaseka mpaka kupukuta magalasi. Koma nditamaliza kuseka ndakumbukira kuti panadutsa basi, ndiye tiyeni tikambe zenizeni.

Mayi akunyumba sakunama. Mukudyadi kwina. Kungoti mkazi wachiwiriyo si Mayi Handibuleki, ndi kabokosi ka m'dashibodi, ndipo mwakhala mukukayendera mobisa ngati mmene amachitira amuna onse a zibwenzi. Mapanga awiri avumbwitsa, bambo, ndipo inu mwavumbwa.

Kulakwitsa simunalakwitse. Munthu amene shuga wake watsika, akupuma bwino, akumanga yekha nsapato, asamafunse funso limenelo. Koma walira mvula walira matope. Opaleshoni ija ndi chida chabe. Inu mumadziwa kuti kumupatsa munthu galimoto yatsopano sikumusandutsa dalaivala. Mwapatsidwa chifu chatsopano koma mukuchiyendetsa ndi laisensi yakale.

Musanachite china chilichonse, bwererani kwa adokotala amene anakuchitani opaleshoni, ndipo mukawauze zonse, osasiya keke kunja. Zimene zinakuchitikirani zija zimadziwika bwino kwa anthu ochitidwa opaleshoni yotere. Shuga wambiri akalowa nthawi imodzi amathamangira m'matumbo, thupi n'kusokonezeka: thukuta, chizungulire, mtima kugunda, m'mimba kupotokola. Koma ine ndine mlangizi wa m'nyuzipepala, sindinakugwireni pamimba. Popeza munali ndi matenda a shuga ndi othamanga magazi, akaonenso ngati mankhwala amene mukumwa akugwirizana ndi thupi lanu latsopanoli. Mukawauzenso za nyama yoima pachifuwa. Kawirikawiri chimakhala chifukwa chomeza msanga ndi kuuma kwa chakudyacho, koma nthawi zina njira imakhala yachepa, ndipo zimenezo amaona ndi iwowo. Abwana anu sanalakwe. Mpando wa aphunzitsi uja ndi buleki yomaliza ya wophunzira, ndipo buleki sichita chizungulire.

Ulendo umenewu musapite nokha. Apempheni mayi akunyumba akuperekezeni, ndipo mukapemphe kuonana ndi katswiri wa za kadyedwe. Akakana kulankhula nanu, musatume ana. Imani pakhomo la khitchini munene nokha kuti, "Amayi, ndasochera, sindikudziwa kudya. Tiyeni mukamve nawo, inu ndi amene mumagwira zinthu msanga." Simudzakhala mukunama.

Tsono za njala. Njala yeniyeni imabwera pang'onopang'ono, ndipo sisankha. Dzira lowiritsa imalandira ndi manja awiri. Koma njala imene imabwera mwadzidzidzi wophunzira akaphonya giya, n'kumaitanitsa bisiketi potchula dzina, imeneyo si njala. Ndi mkwiyo, kutopa, kapena kusowa chochita, zitavala malaya a njala. Ikakupezani, dzifunseni ngati mungadye dzira. Mukaona kuti dzira simukulifuna, tsikani m'galimoto, zungulirani bwalo la livesi lija wapansi, imwani madzi pang'onopang'ono, muimbire foni munthu. Nkhuli ili ngati mlendo wosaitanidwa, ukapanda kumupatsa mpando amatsanzika yekha. Nthawi zinanso limakhala ludzu chabe, pakuti kachifu kakang'ono sikalola kugugudiza madzi ambiri nthawi imodzi, ndiye anthu ambiri amayenda ndi ludzu osadziwa. Botolo la madzi likhale pamene pankakhala mabisiketi, muzipsontha tsiku lonse.

Mwaona nokha kuti zofewa ndi zotsekemera zimadutsa popanda kufunsidwa. N'chifukwa chake simukhuta, ndipo n'chifukwa chake sikelo yaima. Chakudya chimene chimaima pang'ono m'chifu ndicho chimakhutitsa. Choncho kutolatola kuthe. Muzikhala ndi nthawi zodziwika za chakudya, zing'onozing'ono, monga akakuuzireni kuchipatala, ndipo pakati pake pakamwa pazipuma. Mukakhala pambale, yambani ndi zomanga thupi: nsomba, mazira, nyemba, nkhuku yophika ndi msuzi mpaka kufewa, nyama yogaya. Masamba abwere pambuyo, mpunga ndi mbatata zikhale zotsekera ngati malo atsala. Dulani tizidutswa tating'ono, tafunani mpaka chakudya chisanduke phala m'kamwa, ikani supuni pansi, pumani. Wophunzira wanu akachoka pa giya yoyamba n'kulumphira yachinayi mumamukalipira. Nanga inu bwanji mwachoka pa msuzi wosefa n'kulumphira nyama yowotcha?

Madzi ndi chakudya musaziphatikize. Imwani nthawi ya chakudya isanakwane, ndipo mukadya dikirani ngati theka la ola. Mukatsitsira ndi madzi mumakankha chakudya msanga, njala n'kubwerera, kapena mumadzaza kachifuko mpaka kubweza. Zakumwa za shuga ndi za thovu zija tsanzikanani nazo. Mavitamini amene anakulemberani musawasiye chifukwa choti mukupeza bwino, amenewo ndi a moyo wonse. Mukangomva kuti mwakhuta, imani pomwepo ngakhale patatsala supuni imodzi. Supuni yomalizayo ndi imene imathamangitsa anthu kubafa.

Shopu ija isinthireni njira. Mwini wake sadzafa ndi chisoni. Ophunzira anu auzeni tsiku loyamba lomwe kuti aphunzitsi salandira zodyedwa, wofuna kuthokoza ayendetse bwino pamsewu. Mayi Handibuleki abwezereni kontena yawo, yotsuka, ndipo ndikadakhala inu ndikadapempha mayi akunyumba kuti tikabweze limodzi. Azimayi awiriwo akakhala pansi mphindi zochepa, nkhani ya chibwenzi idzafera pomwepo, ndipo wosekedwa mudzakhala inu. Pirirani, mwaziyamba dala.

Ndipotu sindikukhulupirira kuti mayi akunyumba akuganizadi zoti muli ndi chibwenzi. Mkazi amene akukayikira zenizeni sasanja mapepala mwaluso chonchija. Chawapweteka ndi china. Iwo amavutika kufuna choti chitsike, n'kumaganiza kuti manja awo aiwala kuphika, pomwe inu mwadzaza kale malo ndi za m'mapaketi osawauza. Kuwonjezera apo, mayi anu atawanyoza pamaso panu, munawasiya okha pabwalo. "Amayi, zisiyeni" si chitetezo, bambo. Pitani kwa mayi anu, nokha, mukhale nawo pansi mwaulemu. Auzeni kuti kuondaku ndi mankhwala, munasankha nokha pofuna kukhala ndi moyo, ndipo mpongozi wawo ndi amene anakumwetsani ndi kasupuni pamene simunkatha kudzuka. Akhale iwo oyamba kuyankha anthu olozawo. Kholo limaopa mwana akamaonda, musawaweruze, koma musawasiyenso akulasa munthu wosalakwa.

Mukamapepesa kunyumba, musayambe ndi kufotokoza za keke. Yambani ndi kabokosi. Atengeni mupite nawo kugalimoto, mutsegule, aone kuti mwayera. Kenako apatseni ntchito imene ikuwayenera. Kuphikira munthu wodya chilichonse n'kosavuta, ngakhale ine ndikhoza. Koma kuphika masupuni ochepa oti akhale ofewa, okoma, omanga thupi, zimenezo zimafuna katswiri, ndipo katswiriyo muli naye m'nyumba. Apempheni azikupakirirani timakontena tating'ono topita nato kuntchito. Mbale ya maluwa ija ipume, izikhala ya alendo. Gulani kambale kakang'ono koti muzikamaliza, pakuti wophika aliyense amafuna kuona pansi pa mbale. Ngati akufunadi kubwerera ku lesitilanti, musawatsekereze. Mwina manja awo akufuna anthu ambiri owadyetsa kuposa amene atsala m'nyumbamo. Chachikulu n'choti apite chifukwa chokonda ntchitoyo, osati pothawa inu.

Za kuferedwa zija, sindikusekani. Ambiri amene anadutsa njira imeneyi amanena zomwezo. Chakudya chinkakusangalatsani mukatopa, chinkakutonthozani mukakhumudwa, ndiponso ndicho chinali chilankhulo cha m'nyumba mwanu. Lirani ndithu, koma musalire nokha m'galimoto. Funsani kuchipatala ngati pali gulu la anzanu ochitidwa opaleshoni yomweyi, kapena mlangizi woti muzicheza naye. Auzeninso mayi akunyumba mawu omwewa amene mwandiuza ine. Mudzadabwa kupeza kuti maliro ake ndi amodzi, nawonso akulira mwamuna wawo wofunsa ngati mupoto mwatsala kanthu. Patebulo musathawepo. Khalani pomwepo, muzidya pang'onopang'ono, muzifunsa ana za kusukulu. Amene ankamaliza woyamba aphunzire kumaliza womaliza.

Chenjezo langa ndi ili. Mukayamba kusanza mobwerezabwereza, madzi akamakana kukhala, m'mimba mukamapweteka kwambiri, kapena mukakomoka, musadikire kuti muone mmene kuchere, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mowa usalowe pamalo pamene pachoka bisiketi, chifukwa kachifu kakang'ono kamaledzera msanga ndipo chizolowezi chimangosintha malaya. Dziwaninso kuti mukapitiriza kutolatola, thupi lija likhoza kubwerera mwakachetechete, opaleshoni ili pomwepo.

Kwa zaka zonsezi mbale yopukutidwa ndi imene inkakunenerani zikomo, pepani ndi ndimakukondani. Mbaleyo yapuma ntchito, ndipo palibe wina wokunenerani. Adokotala anasoka chifu, koma pakamwa anakusiyirani potsegula. Sabata ino palankhule kwambiri kuposa mmene patafunire.

Aphungu